Mabatire Awiri ndi Dzanja la Ababa

Durban
4 Ogasiti 2024

Kulthum mlongo wanga,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi Ababa. Ine kuno ndili bwino, kungoti ntchito yachuluka. Tikukhoma masola pamadenga a anthu kuyambira Lolemba mpaka Loweruka.

Ndalemba papepala chifukwa foni yako masiku ano imangokhala yozima, ndipo ndikakupeza timangofuulirana kuti “mukundimva?” mpaka iduke. A Moven, oyendetsa thiraki aja amene amadutsa ku Lusaka kawiri pamwezi, avomera kumatinyamulira makalata ndi katundu.

Nkhani unandiuza ija yandisowetsa mtendere. Magetsi azibwera maola atatu okha patsiku, ndiye insulini wa Ababa muzimusunga mumphika wa madzi? Mankhwala a shuga obaya aja safuna kutentha, ndipo Okutobala ali panjira. Choncho ndatumiza mabatire awiri atsopano, ofanana ndendende, ogulidwa tsiku limodzi. Ndatumizanso inveta. Kameneka ndi kabokosi kamene kamadzaza mabatire magetsi akabwera, ndipo magetsi akapita kamatenga mphamvu m'mabatiremo n'kuyendetsa firiji. Mawaya onenepa ndi fyuzi zili m'katoni yaing'onoyo.

Kuseri kwa pepalali ndajambula kalumikizidwe kake. Mabatire akhale moyandikana. Mutu wa pulasi wa batire ili upite ku pulasi wa linzake, mayinasi apite ku mayinasi. Ife timati palalelo. Mphamvu imakhalabe mavoti 12 omwewo, koma nthawi imene firiji ingayake imawirikiza kawiri. Wina akasokoneza, n'kulumikiza pulasi ku mayinasi, apsereza inveta tsiku lomwelo.

Uitane a Fanwell, okonza zamagetsi a kuseri kwa msika aja. Uwapatse chojambulachi, atsatire mmene chilili.

Tsopano iyi ndi ya iwe wekha. Ababa usawalole kukhudza. Ndikudziwa kuti anakonza mawaya a minibasi za mu Matero zaka makumi atatu, ndipo amene anandiphunzitsa ntchito ndi iwowo, koma zimenezo zinapita. Maso atha, manja akunjenjemera, ndipo eni akewo savomera. Munthu wosaona bwino asayandikire batire ali ndi sipanala m'manja. Tsiku limene a Fanwell abwere uwapezere chochita china, kaya uwanyengerere apite ku mzikiti.

Undiyankhe kudzera mwa a Moven pobwerera. Undiuze ngati phazi la Ababa lija linaphwa, ndiponso mmene malonda a zitenje akuyendera.

Ndine mchimwene wako,
Twaha

Matero, Lusaka
20 Ogasiti 2024

Achimwene,

Wa alaikum salaam. Tili bwino. Phazi linaphwa. Katundu wafika, firiji ikuyaka, ndipo mankhwala atuluka mumphika. Zikomo kwambiri.

Koma Achimwene, munaiwala bwanji kuti chiyambireni vuto la maso, kalata iliyonse m'nyumba muno ndimawerenga mokweza?

A Moven atatsitsa katundu, Ababa anagwada pansi n'kumasisita mabatire aja, akuwerenga zilembo zake ndi zala. Kenako analowa kuchipinda n'kukoka bokosi lawo la zipangizo kunsi kwa bedi, lija silinatsegulidwe chimwalirireni Amayi. Anapukuta fumbi ndi mpango wawo wa m'thumba. Anakhala pampando, bokosi pamiyendo, n'kunena kuti, “Werenga, timve zimene injiniya wathu walemba.”

Ndinayamba. Nditafika pa palalelo paja ankangogwedeza mutu. “Eya. Eya. Ndinamuphunzitsa ndine ameneyo.” Ine ndinasangalala kuwaona akuseka, moti pakamwa panathamanga kusiya maso m'mbuyo. Ndinazindikira nditatchula kale kuti maso atha. Ndinaima.

“Pitiriza,” anatero.

“Ababa, apa akungopereka moni kwa anthu.”

“Kulthum, chimene chafa ndi maso, osati mutu. Pitiriza.”

Ndinamaliza, mpaka pa mzikiti paja. Ananyamula bokosi, kukalibweza kunsi kwa bedi, n'kukakhala panja mpaka nthawi ya swala.

A Fanwell anabwera Loweruka m'mawa. Atangogogoda, Ababa anandifunsa kuti, “Ndiye ndizipita ku mzikiti, kapena ndaloledwa kukhala?” Anatenga mpando n'kukhala pakhomo la chipinda chodyera, ndodo pakati pa miyendo.

A Fanwell anatsatira chojambula chanu, ndipo sizinatenge nthawi. Atamaliza anati, “Ba sisi, aya mabatire ni yabwino maningi, koma yabili chabe? Nili na ina ku nyumba, ninachosa mu minibasi, ikali na mphamvu. Tiikeko, fuliji izasebenza mpaka mailo.” Ankatanthauza kuti tikawonjezera lachitatu firiji iziyaka mpaka mawa lake. Anati ndi mphatso, poti Ababa anawathandizapo kale pa ntchito. Ndinaona ngati kukana n'kuwachititsa manyazi. Anakalitenga pa wilibala, batire lakuda, lothimbirira m'mitu. Mawaya anu onenepa anakwanira awiri okha, ndiye lakalelo analilumikiza ndi waya wawo, wowonda ngati wa wailesi.

Fyuzi sitinaipeze. Ndinakutumula katoni yonse, kulibe. A Fanwell anati palibe vuto, inveta ili ndi yake mkati.

Potuluka anaima pamaso pa Ababa mwaulemu, chipewa m'manja. “Ba Sultan, imwe ndimwe bakulu pa izi nchito. Muona bwanji?”

Ababa anati, “Ine sindiona, mwana wanga. Kafunseni a ku Durban.”

A Fanwell anaseka poyesa nthabwala. Ine sindinaseke.

Ndi chifukwa chake mukaimba ndimakuuzani kuti agona kapena atuluka. Amakhala ali pompo, akumva foni ikulira. Ndinkaopa kukuuzani iwo akumva. Chakudya akudya, jakisoni akubaya, koma dzina lanu sanalitchulepo chiyambire tsiku lija.

Alembereni, Achimwene.

Mlongo wanu,
Kulthum

Durban
1 Sepitembala 2024

Kulthum,

Salaam. Kalata yako ndalandira, ndipo zambiri ndakuuza kale pafoni dzulo isanaduke. Ndikubwereza pano kuti ukawaonetse a Fanwell.

Fyuzi ndaipeza m'thumba la jekete yanga ya kuntchito. Ndinaiwala kuiponya m'katoni. Ndaikulunga m'kalata muno. Iikidwe pa waya wa pulasi, pafupi ndi batire. Ya mkati mwa inveta imateteza inveta yokha, siteteza mawaya.

Batire lakalelo lichoke msanga. Mabatire a palalelo amayenera kukhala ofanana msinkhu ndi mphamvu. Lakale limayamwa atsopano. Ndipo tsiku limene lidzafe mkati, awiri atsopanowo adzakhuthulira mphamvu yawo yonse mwa ilo kudzera pa kawaya kowondako, ndipo kadzafiira ngati waya wa mbaula yamagetsi. Ndinanena kuti atsatire chojambula. Pachojambula panali mabatire angati?

Za Ababa zandikhudza, koma iwenso ukanadumpha mzere umenewo. Ndinalemba poyera kuti ndi ya iwe wekha. Komanso sindinaname. Chaka chatha anathira mchere mu tiyi ine ndikuona. Ndikanakhala chete, iwo n'kugunditsa sipanala pa mitu iwiri, ukanati chiyani?

Ndidzalankhula nawo ndikabwera pa Disembala, titakhala pansi ngati amuna. Nkhani zotere sizikoma papepala. Pofika nthawi imeneyo mtima udzakhala utatsika.

Pakali pano ntchito ndi ya a Fanwell. Usawasiye mpaka abwere.

Twaha

Matero
19 Sepitembala 2024

Achimwene,

Salaam. Tili moyo. Kwayamba kutentha, fumbi lili ponseponse, ndipo sabata ino magetsi anakhala masiku awiri athunthu osabwera.

Kwa a Fanwell ndapitako katatu. Ulendo woyamba anati, “Nizabwela mailo, ba sisi.” Wachiwiri anati, “Mwezi wonse yasebenza, ilibe vuto, ba Twaha bali chabe na mantha.” Wachitatu ndinapeza akazi awo okha, akuti bambo apeza ntchito yaikulu ku Kabanana ndipo akugona konko. Matero yense akufuna inveta, aliyense wodziwa kugwira pulaya sakupezeka.

Fyuzi yanu ili pathebulo. Tsiku limene inafika Ababa anaitola, kuizunguza m'zala, n'kutchula kukula kwake osaiyang'ana n'komwe. Ndinayang'ana zilembo, anali atalondola. Anaibweza pamalo pomwepo.

Ndinalimba mtima. Ndinati, “Ababa, bwanji mungochotsa batire lakaleli? Kwa inu ndi ntchito ya mphindi ziwiri.”

Anati, “Mwini mabatire anandiletsa. Akandiuza yekha, ndichotsa.”

Lamulungu ndinati ndiyese ndekha. Ndinabwereka sipanala kwa a Mwiche oyandikana nafe. Nditangoyika pa nati, sindikudziwa kuti mchira wake unagunda pati, kunathetheka moto, phaa! Sipanala inagwera uko, ine uko. Ababa anali kuchipinda. Anangoti, “Ika pansi chitsulocho. Mwana wamkazi ndili naye mmodzi.” Sanatuluke.

Koma pali chimene ndaona. M'mawa uliwonse akamapita kukasamba amadutsira pa mabatire paja, n'kugunditsa kuseri kwa dzanja pa kawaya kowonda kaja. Amaima pang'ono, kenako n'kumapita. Amayesa kuti sindiona.

Mukuti ndikanadumpha mzere uja. Inu mukanadumpha kuulemba. Nkhani ya mchere mu tiyi mukuikumbukira chifukwa munabwera milungu iwiri. Ine amene ndimakhala nawo chaka chonse ndikudziwa kuti jakisoni amadzibaya okha, loko wa geti anakonza okha, ndipo minibasi ikadutsa pamsewu amadziwa ndi khutu kuti vuto lake ndi chiyani. Simunandifunse.

Disembala ali kutali. Sakufuna kalata yaitali. Mawu awiri okha ochokera kwa inu: “Ababa, chotsani.”

Kulthum

Durban
6 Okutobala 2024

Ababa,

Assalamu alaikum wa rahmatullah. Ndine Twaha. Kulthum, iyi uwerenge yonse mokweza, usadumphe kanthu.

Kalata ya Kulthum yakhala m'thumba mwanga sabata yathunthu. Ndinkaitulutsa, kuiwerenga, kuibweza. Ndinkadziuza kuti ndilibe cholakwa poti ndinanena zoona.

Lachitatu lapitali ndinabinya mkono potsitsa sola. Sizinali zazikulu. M'mawa mwake nditafika kuntchito ndinapeza anzanga akwera kale padenga, ine dzina langa palibe. Abwana anali atauza aliyense kuti Twaha asakwere, kupatula ine mwini wake. Ndinakhala pansi tsiku lonse ndikupatsira anthu mabawuti. Abwana sanalakwe, mkono unali wotupadi. Koma chakudya chinandikanika. Ndinkangoti, akanandiitana n'kundifunsa, bwenzi nditawauza ndekha zimene ndingathe ndi zimene sindingathe. Ine linali tsiku limodzi. Inu ndakukhazikani pansi miyezi iwiri, m'nyumba yanu yomwe, pa ntchito imene munandiphunzitsa.

Ndinalakwa, Ababa. Ndikanalembera inu, osati kulemba za inu. Ndikhululukireni.

Ndikupemphani, chotsani batire la a Fanwell lija pamodzi ndi waya wake, ndipo muyike fyuzi. Muonenso ngati manati onse ali olimba. Mukapeza china chimene ndinaphonya, konzani mmene mukudziwira. Kulthum akhale maso anu pamene pakufunika maso.

Ndikanatha kunena zimenezi pafoni, koma ndinakunyozani papepala, ndiye ndafuna kuti kupepesanso kukhale papepala, muzikugwira m'manja. A Moven anyamuka mawa. Ikupezani Lachinayi, Mulungu akalola.

Mwana wanu,
Twaha

Matero
15 Okutobala 2024

Achimwene,

Pafoni ndinangolira, sindikudziwa ngati munamva zonse. Ndikulemba ndili pabenchi ya kuchipatala, ndipo nditumiza pa basi chifukwa a Moven sanafike. Akuti thiraki inafera m'njira ku Botswana, akudikira chitsulo. Kalata mukuti munalembera Ababa ija ili komweko.

Zinachitika Lachisanu, cha m'ma 11 koloko m'mawa. Ine ndinali kumsika. Ababa anali atasamba, atavala mkanjo wawo woyera, akudikira nthawi yopita ku mzikiti ku swala ya Juma. Akuti anamva fungo la pulasitiki wopsa ndipo anadziwa pomwepo kuti ndi chiyani. Polowa m'chipinda chodyera anapeza utsi. Kawaya kaja kanali kofiira moti ngakhale iwo anakaona. Katani ya pawindo inali itayamba kugwira moto m'munsi, ndipo pamwamba pake mukudziwa kuti pali siling'i ya mabolodi.

Bokosi la zipangizo linali kunsi kwa bedi, lokhoma, kiyi ali m'thumba la malaya ena. Anati nthawi imeneyo panalibe. Anagwira waya uja ndi dzanja lamanja, kuukulunga m'zala, n'kukoka mpaka unaduka pa mutu wa batire. Kenako anathothola katani n'kuipondaponda.

A Mwiche ndi amene anaona utsi n'kuthamangira ndi ndowa ya mchenga. Akuti anawapeza ataima pakati pa chipinda akutsokomola, mkanjo wakuda ndi mwaye, akunena kuti, “Zatha, zatha, musachite phokoso.” A Mwiche atayang'ana dzanja anakuwa. “Ba Sultan, kwanja yanu!” Pulasitiki anali atasungunukira m'zala, ndipo waya anali atadula mnofu mpaka mkati. Iwo ululu sankaumva bwinobwino. Adokotala akuti shuga anapha kale mitsempha yomvera ululu m'zala, n'chifukwa chake anatha kugwira nthawi yaitali chotero. Munthu wina akanataya msanga.

Atandiitana kumsika kuja tinathamangira nawo kuchipatala, ndipo mu takisi sanadandaule. Anangondiuza kuti, “Ukabwerera uzimitse inveta, mankhwala uwabwezere mumphika.”

Nyumba ilipo. Mabatire anu awiri alipo, angodetsedwa ndi utsi. La a Fanwell latupa ngati mkate, ndalitulutsa panja. Koma bala silikuoneka bwino. Akuti mabala a anthu a shuga amavuta, ndipo zala ziwiri zayamba kuda. Tidikire.

Lachisanu lija ndinakukwiyirani kwambiri, ndipo mawu ena amene ndinanena pafoni musawasunge. Pano ndakhala pabenchi masiku anayi, ndaganiza zanga. Ndikanapita ku Kalingalinga kapena m'tauni kukafuna munthu wina. Ndikanazimitsa zonse n'kubwerera ku mphika mpaka nkhani itakonzeka. Koma firiji inkayaka, madzi ozizira ankakoma, ndipo tsiku lililonse ndinkati mawa. Ndinkawaona akugwira waya uja m'mawa uliwonse, osawafunsa ngakhale kamodzi kuti, “Ababa, mukumva chiyani?”

Mwati mapepala anu okhalira kumeneko akadali kokonzedwa, ndipo mukatuluka simudzaloledwa kubwerera. Ndawauza. Anangoti, “Asataye ntchito.”

Kulthum

Matero
29 Okutobala 2024

Achimwene,

Salaam. Monga ndinakuuzani, zala ziwiri anadula Lachinayi, cholozera ndi chapakati. Chachikulu achipulumutsa. Malungo atsika, ndipo dzulo anadya bwino.

Chimene sindinakuuzeni pafoni ndi ichi. A Moven anafika Lachiwiri lapitalo, kutatsala masiku awiri kuti Ababa alowe ku opaleshoni. Anabwera okha kuchipatala ndi kalata yanu, akupepesa ngati thiraki anaiwononga dala. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwerenga yonse monga munanenera. Odwala a mabedi oyandikana anasiya kucheza.

Nditamaliza, Ababa anati, “Analemba liti?”

Ndinati, “Pa 6.”

“Moto unali pa chiyani?”

“Pa 11.”

Kenako anati, “Werenganso pamene akuti ndichotse.” Ndinawerenga. Anatambasula dzanja lamanzere, ndinawapatsa pepala. Analipinda bwinobwino n'kuliyika m'thumba la pachifuwa, n'kutembenukira kukhoma. Mapewa ankagwedezeka. Ndinatseka katani ya bedi n'kutuluka panja. Chimwalirireni Amayi sindinawaonepo akulira.

Akuti atulutsidwa sabata yamawa.

Kulthum

Durban
3 Novembala 2024

Ababa,

Assalamu alaikum. Ndayamba kalata iyi kanayi.

Foni inali m'thumba mwanga tsiku lonse la pa 6. Ndikanajambula mawu anga, Kulthum n'kukutsegulirani madzulo omwewo. Ndinasankha pepala chifukwa ndinkafuna kuti kupepesa kwanga kuoneke bwino. Ndiponso, ndinene zoona, ndinkaopa kumva mawu anu. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene waya uja angachite. Ndinachilemba ndekha pa 1 Sepitembala, kenako ndinakhala milungu isanu.

Kuntchito ndikagwira pulaya ndimayang'ana zala zanga, ntchito n'kuima.

Sindikupempha kuti mundiyankhe. Ndingofuna kudziwa ngati ndingabwere pa Disembala, mapepala akatuluka.

Twaha

Matero
17 Novembala 2024

Twaha mwana wanga,

Wa alaikum salaam wa rahmatullah. Akulemba ndi Kulthum, koma mawu ndi anga. Ndamuuza kuti asachotsepo kapena kuwonjezera.

Ndili kunyumba. Bala likuuma. Kudya ndi dzanja lamanja kukuvuta, nyemba zimathawa, koma ndikuphunzira.

Makalata ako onse awiri ndamva. Wasenza katundu yense wekha ngati kuti m'nyumba muno munalibe munthu wamkulu. Tsitsa wina, ndi wanga.

Tsiku limene Fanwell analowa ndi batire lake, ndinalidziwa ndi fungo kuti ndi lotha. Atapita ndinakagwira waya wake, ndinadziwa kuti ndi wochepa. Usiku womwewo ndikanauchotsa, palibe akanandiona. M'mawa uliwonse ndinkaugwira. Mu Ogasiti unali wozizira. Mu Sepitembala unayamba kufunda. Sabata yomaliza ija unkatentha ngati kapu ya tiyi. Ine amene ndazimitsapo moto m'minibasi zambiri ndinkadziwa kumene zikupita, ndipo ndinkapita kukasamba. Ndinkafuna kuti zikuvute pang'ono, kuti udzandipemphe. Ndinaika mlongo wako ndi nyumba ya amayi ako pangozi pofuna kumva mwana wanga akunena kuti Ababa thandizeni. Zimenezi ndapempha chikhululuko kwa Allah, ndipo ndikupempha kwa iwe ndi kwa amene akulembayu.

Za maso unanena zoona. Zikanakhala bodza bwenzi nditaseka.

Fanwell anabwera, anagwada pakhomo akulira. Ndamuuza kuti anandifunsa pamaso pa anthu ndipo ndinamuyankha mwamwano. Ndamuuzanso kuti asadzasakanizenso batire lakale ndi latsopano m'nyumba ya munthu. Wamva.

Tsopano za ntchito. Lamulungu lapitali ndinatulutsa bokosi. Ndinakhala pampando, Kulthum anagwada pa mabatire. Poyamba ankaopa chifukwa cha moto unamuthethekera uja. Ndinamuuza akulunge chogwirira cha sipanala ndi tepi, avule chibangili, ndipo mutu umene sakuugwira auphimbe ndi nsalu. Tinawalekanitsa n'kuwayeza ndi mita yanga, iye akuwerenga manambala. Limodzi linali lotsikirapo. Tinalidzaza palokha masiku awiri, poti magetsi akubwerabe mwa apo ndi apo, mpaka onse anafanana. Pamenepo ndiye tinalumikiza, pulasi ku pulasi, mayinasi ku mayinasi, fyuzi pamalo pake.

Chojambula chako chili ndi cholakwika chimodzi. Mawaya onse awiri opita ku inveta unawatengera pa batire limodzi. Ukatero lapafupilo limagwira ntchito yambiri ndipo limatha msanga. Pulasi utenge pa ili, mayinasi pa linalo. Takonza. Kaya kumeneko amakuphunzitsani chiyani.

Atamaliza ndinapita kukayesa manati. Ndinatambasula dzanja lamanja mwachizolowezi, n'kupeza kuti zala zoyesera nati palibe. Kenako ndinayesa ndi lamanzere. Onse anali olimba, palibe ndi limodzi lomwe lofuna kubwereza. Mwana uyu wakhala m'nyumba mwanga zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo sindinamupatsepo sipanala chifukwa ndi wamkazi. Manja ake ndi odekha kuposa ako, kuposanso anga ndili mnyamata. Akuti ndisanene zimenezi. Lemba, Kulthum.

Firiji ikuyaka. Mvula yoyamba inagwa Lachinayi, denga la kukhitchini likudontha pamalo paja.

Ukufunsa ngati ungabwere. Nyumba ino unayamba liti kupempha chilolezo? Bwera. Usanyamule katundu wambiri, ndipo ukafika usayang'ane dzanja langa n'kuyamba kulira pakhomo, anthu a mu Matero aona zokwanira. Udzandipatse moni bwinobwino, udzagwire dzanja lomwelo. Zala zitatu zilipo.

Dzina lili m'munsimu ndalemba ndekha ndi dzanja lamanzere. Kulthum akuti lapendekera ngati mpanda wakugwa. Usaseke.

Bambo ako,
Sultan